Mpweya Wozizira wa M'nyumba Zazikulu Ungabise Chibayo

M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti 2025, m'dera la Harlem mumzinda wa New York ku America, anthu oposa 110 anadwala chibayo choopsa ndipo 7 anamwalira. Akuluakulu a zaumoyo atafufuza anapeza kuti gwero lake silinali chakudya kapena madzi akumwa, koma nsanja zoziziritsira madzi zimene zimamangidwa pamadenga a nyumba zazikulu, ndipo ina mwa nsanjazo inali ya chipatala.

Owerenga athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga angafunse kuti nkhani ya kutsidya kwa nyanja ikutikhudza bwanji ife amene kwathu kumazizira popanda makina. Ikutikhudza chifukwa cha ana athu. Ambiri anatsikira ku Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kwa mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndipo ena ali ku Joni. Kumeneko amasesa ndi kukonza zinthu m'mahotela, m'masitolo akuluakulu ndi m'makampani, ndipo nyumba zoterezi ndizo zimakhala ndi mathanki, mapaipi ataliatali ndi makina oziziritsa.

Nthendayi imayamba ndi kachilombo kotchedwa Legionella. Dzinali linachokera ku msonkhano wa asilikali akale a bungwe la American Legion, umene unachitikira mu hotela ina mumzinda wa Philadelphia mu 1976. Anthu 221 anadwala ndipo 34 anafa, koma madokotala anadzakazindikira kachilomboka mu Januwale 1977. Kachilomboka kamapezeka m'mitsinje ndi m'madamu, koma kumeneko kamakhala kochepa. Kamaswana kwambiri m'madzi ofunda a madigiri pakati pa 20 ndi 45, makamaka madziwo akangokhala osayenda, muli dzimbiri, matope ndi ndere.

Nsanja yoziziritsira imagwira ntchito motere: madzi amatenga kutentha kwa m'nyumba, nakwera padenga, ndipo chimkupizo chachikulu chimawauzira mphepo kuti azizire. Pochita zimenezi timadontho tating'ono tonga nkhungu timauluka. Ngati nsanjayo sinatsukidwe, nkhunguyo imanyamula tizilombo, ndipo mphepo imatha kuifikitsa kutali, kwa anthu amene sanalowemo n'komwe m'nyumbamo. Shawa ya m'chipinda cha hotela chimene chakhala chotseka kwa milungu ingapo ingachitenso chimodzimodzi. Koma makina aang'ono a pakhoma, amene ku Tete amati ar condicionado, saziziritsa ndi madzi, choncho sindiwo amakonda kufalitsa nthendayi, ngakhale kuti nawonso amafunika kutsuka sefa zake kuti musamere nguwi.

Dziko la Portugal linaphunzira movutikira. Mu Novembala 2014, ku Vila Franca de Xira pafupi ndi Lisboa, anthu oposa 370 anadwala ndipo osachepera 12 anamwalira, ndipo ofufuza analoza nsanja za fakitale ina ya feteleza. Mu 2017 nthendayi inabukanso m'chipatala cha São Francisco Xavier ku Lisboa komweko. Ndipamene mu 2018 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo nambala 52/2018, lokakamiza eni nsanja kuzilembetsa ku boma, kukhala ndi ndondomeko yopewera kachilomboka ndi kulola kuti ziziyenderedwa.

Komabe lamulo palokha silitsuka thanki. Mzinda wa New York unali nalo kale lamulo lotere kuyambira 2015, pamene anthu 16 anafa m'dera la Bronx, koma patangotha zaka 10 maliro anachitikanso ku Harlem. Apa m'pamene pagona nkhani. Njira zopewera n'zodziwika ndipo si zodula poyerekeza ndi mtengo wa nyumbayo: kukhuthula ndi kukwecha nsanja kawirikawiri, kuthira mankhwala a kolorini onga amene ali m'mabotolo a Certeza, kusunga madzi otentha pa madigiri 60, kutsegula mipopi imene sikugwira ntchito kuti madzi asagonemo, ndi kutumiza madzi kukapimidwa. Chimene chimasowa ndi munthu amene dzina lake lalembedwa kuti ntchitoyi ndi yake. Mwini nyumba amati ndi za kampani yokonza makina, kampaniyo imati sinaitanidwe, ndipo amene amakwera padenga ndi ndowa ndi mnyamata wa ganyu amene sanauzidwe chilichonse.

N'chifukwa chake aboma m'chigawo chathu, popereka chilolezo cha hotela kapena sitolo yaikulu, ayenera kufunsanso za madzi a m'makinawo ndi kuona kabuku kolembamo masiku otsuka, osati kuyang'ana khitchini ndi zimbudzi zokha. Mabwana nawonso apereke zotchinga pamphuno ndi pakamwa zoyenera kwa aliyense wotsuka nsanja kapena thanki, ndipo chimkupizo chizithimitsidwa ntchito isanayambe.

Inu a kumudzi mulinso ndi mbali yanu. Nthendayi imaonekera patapita masiku 2 mpaka 10, kotero munthu angaitenge ku tauni n'kudzadwalira kunyumba. Thupi limatentha kwambiri, mutu ndi minofu zimapweteka, amatsokomola ndi kubanika, ndipo ena amatsegula m'mimba kapena kusokonezeka maganizo. N'kosavuta kuganiza kuti ndi malungo, kapena kuti wina wamuchitira nsanje chifukwa wabwera ndi ndalama. Musataye masiku pofufuzana ufiti. Pitani naye kuchipatala, ndipo muwauze anamwino kumene amagwira ntchito ndiponso ngati amakhudza mathanki kapena makina oziziritsa. Mankhwala ake alipo ndipo amathandiza akayambidwa msanga, koma mwa odwala 10 alionse pafupifupi mmodzi amamwalira. Amene ali pangozi yaikulu ndi opitirira zaka 50, osuta fodya, omwa mowa kwambiri, odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Musamusale wodwalayo, pakuti nthendayi sikonda kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nyumba zazitali zikumangidwabe m'mbali mwa Zambezi, ndipo nthawi yabwino yofunsa kuti adzatsuka mathanki ake ndani ndi ino, maliro asanachitike.