Ziggy Stardust: chimbale chosakalamba

Sindigwirizana ndi anthu amene amati oimba a glam rock ankangodalira zodzola kumaso ndi zovala zonyezimira. Tamverani chimbale cha David Bowie cha mu 1972, The Rise and Fall of Ziggy Stardust and the Spiders from Mars, chomwe adachijambulira ku Trident Studios mumzinda wa London. Nyimbo zake 11 zikusimba za Ziggy, woimba wobweretsa chiyembekezo kudziko lotsala ndi zaka zisanu zokha, koma kutchuka n'kumuwononga. Gitala ya Mick Ronson ikulira mwaukali, mawu a Bowie atasenza chisoni chenicheni. Pa 3 Julaye 1973, ku Hammersmith Odeon, Bowie adamutsanzika Ziggy anthu akumukondabe kwambiri. Kulimba mtima kotereku n'kosowa, ndipo oimba achinyamata aphunzirepo kusiya chinthu chisanafike potopetsa.