ZA MAKINA A MASIKU ANO: Laputopu ya Sukulu ndi Masewera a Ana

Nthawi yogulitsa zokolola ikakwana, makolo ena amapatulako ndalama za cimanga kapena za nshawa kuti agulire mwana wa ku sekondale laputopu, kompyuta yaing'ono yonyamula m'manja. Sipapita masabata ambiri, mwana uja amayamba kudandaula kuti makinawo ndi ofooka. Waikamo masewera a mpira, koma osewera a pagalasi akuyenda motsimphina. Ena amafika pouza atate ao kuti wogulitsa anawanyenga. Kawirikawiri makinawo amakhala alibe cirema ciri conse.

Nkhani yagona pa cipangizo cimene cimajambula zithunzi. M'makompyuta odula opangidwira masewera, nchito imeneyi iri ndi cipangizo cakecake, monga GeForce ya kampani ya Nvidia. M'malaputopu wamba, mbali yojambula iri m'kati mwa purosesa, ndiwo ubongo wa makinawo. Kampani ya Intel inaumbira ziwirizi pa kambale kamodzi, ndipo pa makina otere pamaoneka maina monga Intel HD, UHD kapena Iris Xe.

Mbali yojambulayi iribe nkhokwe yakeyake. Imatapa mu RAM, momwe purosesa nayonso imasungira zimene ikugwirapo nchito. Ziri ngati mabanja awiri otapa cimanga m'nkhokwe ya khomo limodzi: wina akalowa, mnzake adikire. Cifukwa cake timitengo tiwiri ta RAM ta 4 GB tiri ndi liwiro loposa kamtengo kamodzi ka 8 GB, pakuti makomo amakhala awiri. Kuonjezera kamtengo kaciwiri ndi kochipa kutalitali poyerekeza ndi kugula laputopu yina. Koma makina ena anapangidwa opanda malo oonjezera, conco wogula, makamaka wogula yakale m'masitolo a ku Chipata kapena ku Lusaka, afunse zimenezi asanatulutse ndalama. Ya 4 GB yokha imakwanira kulembera makalata, koma pa masewera imapuma wefuwefu.

Mwanayo nayenso ali ndi zoti acite popanda kulipira ngwee. Cithunzi ca 1080p ciri ndi timadontho toposa 2 miliyoni, pamene ca 720p ciri ndi 921,600. Akatsitsa masewera kufika pa 720p, nacepetsanso mithunzi ndi zokongoletsa zina, makina amajambula timadontho tosakwana theka, ndipo osewera aja amayamba kuthamanga. Masewera akale monga Grand Theft Auto: San Andreas, amene anafika pa kompyuta m'caka ca 2005, kapena Minecraft ya 2011, amayenda bwino pa malaputopu ambiri otere (ngakhale oyambawo ali ndi ciwawa cambiri, ndipo anapangidwira akulu). Masewera akuluakulu atsopano ndiwo olemera; pamenepo mwana angovomereza.

Kutentha nakonso kumacepetsa liwiro. Purosesa ikapsa imadzicedwetsa yokha kuti isaonongeke. Laputopu yoikidwa pabulangete imatsekeka mabowo opumira, ndipo pfumbi la m'mwezi wa Okutobala limatsiriza nchitoyo. Malo ake ndi pathebulo kapena pathabwa.

Pali cina cimene ana sacichula akamapempha makina amphamvu. Laputopu wamba imadya ndi caja ca mawati 45 kapena 65, pamene zambiri za masewera zimafuna mawati 150 kapena kuposapo. M'nyumba yodalira sola imodzi padenga, makina otere akanamaliza batire usiku usanafike pakati, banja ndi kutsala mumdima, mafoni osacajidwa, wailesi iri cete. Ya sukulu ija imalola mwana kulemba nchito yake, kusewerako ola limodzi, nyali ziri ciyakire.