Lamulo la moto lilipo, koma galimoto yozimitsa moto ili kutali

Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, galimoto yonyamula petulo idaphulika. Idachokera ku Beira, imapita ku Malawi, ndipo idaima pambali pa msewu waukulu wopita ku Zóbuè. Anthu adathamangirako ndi zidebe ndi zigubu kukatunga petulo. Moto utabuka, anthu oposa 80 adamwalira. Ena adafera pomwepo, ena ku chipatala chachikulu cha Tete. Boma lidalamula masiku 3 akulira m'dziko lonse.

Ambiri a inu mukukumbukira tsikulo. Tikulikumbutsa pano chifukwa petulo yemweyo lero akugona m'nyumba zathu. Yendani pa msika uliwonse kuno ku Angónia ndi ku Tsangano. Muona mabotolo a petulo atandandalikidwa pa thebulo, akudikira njinga zamoto. Dzifunseni: dzuwa likalowa, mabotolo aja amapita kuti? Ambiri amalowa m'nyumba. Amaikidwa kuseri kwa chitseko, kapena pansi pa bedi, m'chipinda momwe mukugona ana.

Kumapeto kwa 2021 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku moto, Lei 7/2021. Cholinga chake n'choti moto usabuke, ukabuka usafalikire, ndipo anthu ndi katundu apulumutsidwe. Lamuloli silikhudza maofesi a boma ndi makampani okha. Likhudzanso munthu wamba. Amene amagwira ntchitoyi ndi a SENSAP, kapena kuti Serviço Nacional de Salvação Pública. Awa ndi ozimitsa moto aja timawatcha mabombero, ndipo ali pansi pa unduna wa zam'dziko. Sadikira moto okha. Amayenderanso masitolo, misika ndi malo ogulitsira mafuta kuti aone ngati pali chitetezo. Nambala yowaitanira ndi 198.

Lamuloli ndi labwino. Koma tinene zoona. Zambiri za m'menemo zimagwira bwino mumzinda, momwe muli mipopi ya madzi ndi magalimoto ozimitsa moto. Kuchokera ku Fonte Boa kukafika mumzinda wa Tete pali makilomita oposa 200. Denga la udzu wouma likagwira moto, limatha m'mphindi zochepa. Muimbe 198, inde, muimbe ndithu. Koma musaime ndi foni m'manja kudikira. Kuno wozimitsa moto woyamba ndi inu ndi anansi anu.

Tiyambe ndi petulo. Anthu ambiri amaganiza kuti petulo amayaka pokhapokha lawi likamukhudza. Si choncho. Chimene chimayaka ndi mpweya wake, fungo lija mumalimva mukatsegula botolo. Mpweyawu ndi wolemera. Sukwera kumwamba ngati utsi. Umayenda pansi, n'kufika pa mbaula, pa kandulo kapena pa koloboyi ali pa ngodya ina ya nyumba. Moto umatsata njira yomweyo kubwerera ku chigubu. N'chifukwa chake munthu amatha kunena kuti "ine ndidaika petulo patali," koma nyumba n'kupsa.

Sitikunyoza ogulitsa petulo wa m'mabotolo. Malo omwetsera mafuta ali kutali, ndipo mabanja ambiri akudyera malonda amenewa. Koma petulo asagone ndi anthu. Mumangireni kanyumba kake panja, kolowa mphepo, kotalikirana ndi khitchini ndi nkhokwe. Pothira petulo m'njinga, zimitsani injini, ndipo wosuta fodya atalikire. Musakoleze moto ndi petulo. Ndipo galimoto ya mafuta ikagwa pamsewu, thawani, mutenge ndi ana omwe.

Chachiwiri ndi mbaula. Kuno kumtunda, Juni ndi Julayi amazizira kwambiri. Mbaula imalowa m'nyumba, chitseko n'kutsekedwa, mazenera n'kutsekedwa. Apa pali ngozi ziwiri. Yoyamba mukuidziwa: bulangete, mkeka kapena neti ya udzudzu ikakhudza makala, moto wayamba. Yachiwiri ndi yobisika. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru. Akakhala m'tulo samva kanthu, ndipo sadzukanso. Banja lonse limatha kupezeka m'mawa litamwalira, nyumba ili bwinobwino. Zikatere pamudzi pamayamba kulozana zala za ufiti, chikhalirecho ndi makala. Othani moto musanagone, kenako tulutsani mbaula panja. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda cha mbaula, tsegulani chitseko, mutulutseni pa mphepo, muthamangire naye ku chipatala.

Kandulo ndi koloboyi nazo zimafuna maso. Mayi akatsekera ana m'nyumba n'kupita ku chigayo kapena ku maliro, nyali ili chiyakire, ana sakhala ndi pothawira. Nyali ya sola imadula tsiku logula lokha.

Magetsi akufika m'midzi yambiri tsopano, ndipo tonse tikukondwa. Koma nawo abwera ndi moto wake. Waya woonda akanyamula katundu wambiri amatentha mpaka chikopa chake kusungunuka. Zimachitika pamene soketi imodzi yanyamula firiji, wailesi, ayironi ndi matchaja a foni. Zimachitikanso pamene munthu wakoka waya kuchokera kwa mnansi, kudutsa pa udzu wa denga, n'kulumikiza ndi mapepala a pulasitiki. Kulumikiza magetsi mozemba mita ya Credelec ndi mlandu, ndipo a EDM akakupezani amadula magetsi ndi kukulipiritsani. Chindapusa ndi chaching'ono poyerekeza ndi nyumba. Itanani munthu amene adaphunzira ntchito ya magetsi. Aliyense m'nyumba, ndi ana okulirapo omwe, adziwe pamene pali switchi yaikulu. Moto wa magetsi ukabuka, zimitsani switchiyo poyamba. Musathire madzi magetsi ali moyo, chifukwa madzi amanyamula magetsi kubwera kwa inu. Thirani mchenga kapena dothi louma.

Madzi sazimitsanso mafuta. Mafuta ophikira akagwira moto m'poto, monga zimachitikira kwa okazinga tchipisi ndi mandasi, vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo. Mukathira madzi, mafuta amathovokera kumaso. Amene muli ndi botolo la gasi, mukamva fungo musayatse machesi, musakhudze switchi. Tsekani botolo, tsegulani zitseko, tulukani.

Pali moto wina umene subadwira m'nyumba. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tchire limakhala louma ndipo mphepo imaomba. Wina akusaka mbewa, wina akutentha mapesi, wina akusosa munda. Mu Seputembala 2008 moto wolusa udapha anthu oposa 30 m'zigawo za Manica, Sofala ndi Zambézia, ndipo mabanja ambirimbiri adasowa pogona. Lamulo la nkhalango limati kutentha tchire mwadala ndi mlandu, ndipo munthu atha kumangidwa. Koma kumanga munthu sikubweza chimanga cha m'nkhokwe. Lambulani udzu wonse kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi khola udzu usanaumitsitse. Mukafuna kutentha m'munda, uzani anansi ndi a nyakwawa. Tenthani m'mawa kwambiri kapena madzulo mphepo itaduka, ndipo musachoke moto usanazime.

Tsono moto ukakula kukuposani, chotani. Tulutsani anthu, muwawerenge mmodzimmodzi. Mu utsi kwawani, chifukwa mpweya wabwino umakhala pansi. Musabwerere kukatenga ndalama kapena chiphaso. Chiphaso boma limaperekanso china. Zovala zikagwira moto musathamange. Gonani pansi, gubuduzikani, kapena wina akufunditseni bulangete. Pa chilonda cha moto thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Musapake dzira, mafuta, mankhwala otsukira mano kapena ndowe. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite ku chipatala.

Mawu amodzi kwa omanga nyumba za njerwa. Zitsulo za m'mazenera zimaletsa mbava kulowa, koma zimaletsanso inu kutuluka. Nyumba ikhale ndi zitseko ziwiri, ndipo kiyi azikhala pamalo amodzi odziwika kwa onse.

Boma nalo lili ndi ngongole kwa ife. Lamulo lidalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo ambiri kuno sadalimvepo. Muli ndi ufulu wofunsa. Pa msonkhano ukubwerawu wa a mfumu kapena a chefe wa localidade, imirirani mufunse kuti galimoto yozimitsa moto yapafupi ili kuti, ndipo imatenga nthawi yanji kufika kuno. Funsani ngati a SENSAP angabwere kudzaphunzitsa pa sukulu ndi pa msika. Funsani ngati ogulitsa petulo angapatsidwe malo awo, kutali ndi okazinga tchipisi. Yankho lililonse limene mupatsidwe, pemphani mlembi alilembe m'buku pamodzi ndi tsiku lake.