Za Tonde Wacabe pa Busa la Anthu Onse

Kwa Mafumu ndi abale onse a Msonkhano,

Alipo ena amene anena kuti, Tonde ndi wanga, khola ndi langa, mfumu isalowererepo. Mau awa tiwakana poyera, ndipo mboni yathu ndi dziko la Lesotho, kumene anthu a kumapiri apeza ndalama za cakudya ndi za sukulu pa ubweya wa nkhosa za Merino ndi mbuzi za Angora.

Zoweta izi Abasuto anazitenga ku South Africa, ndipo ngakhale kumeneko zinali zacilendo. Merino, mtundu wa ku Spain, zinafika ku Cape caka ca 1789, zamphongo 2 ndi zazikazi 4. Angora zinacokera ku Turkey caka ca 1838, atonde 12 ndi yaikazi imodzi. Atonde onsewo anapezeka osabala, koma yaikaziyo inaswa mwana wamphongo pa ulendo, ndipo iye anakwera mbuzi za m'dzikomo. Zina zinadza pambuyo pace. Lero South Africa aturutsa pafupifupi theka la ubweya wa Angora wa dziko lonse lapansi, ndipo Lesotho ndiye amtsata.

Tsono taonani lamulo la mbeu. Mwana atenga theka kwa atate ndi theka kwa amace. Mukakweretsa mbuzi wamba ndi tonde weniweni wa Angora, mwana ali ndi theka la mtunduwo. Mwanayo akakweredwa ndi tonde wina weniweni, mdzukulu ali ndi magawo 3 mwa 4. Wotsatira 7 mwa 8. Ndi wa mbadwo wacinai 15 mwa 16. Koma tonde wacabe akalumpha mbuzi imeneyo kubusa tsiku limodzi lokha, ipita miyezi 5 niiswa mwana wosafika ndi theka lomwe. Nchito ya mibadwo 4 yaonongeka, ndipo mwini tonde uja sanalipe kanthu.

Pa nkhosa cinthu cina cibisala. Mbeu ya ubweya wakuda ikhoza kukhala mwa nkhosa yoyera yosaoneka. Ziwiri zotere zikakwerana, mwa ana 4 mmodzi ayembekezeka kukhala wakuda. Ogula ku Gqeberha, mudzi umene kale unachedwa Port Elizabeth, afuna ubweya woyera ndi wosalala, pakuti wakuda ndi wokhakhala sulandira utoto bwino. Tiubweya towerengeka totere titsitsa mtengo wa mtolo wonse. Akulu anati, Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Mzungu wa ku Karoo ali ndi mpanda wa waya, ndipo asankha yekha tonde wa mbuzi zace. Msuto alibe mpanda, pakuti busa ndi la anthu onse. Cifukwa cace Boma la kumeneko lasunga nkhosa za mbeu ku Quthing ndi ku Mokhotlong, nilikakamiza oweta kufula zamphongo zacabe. Pamene palibe waya, mpanda ndiwo lamulo ndi cipangano.

Kuno kwathu sitimeta mbuzi, koma dambo lathu nalonso ndi la onse, ndipo atonde a Boer amene anthu agula ndi ndalama zambiri adya pamodzi ndi timatonde tokwera amao ndi alongo ao. Nanga tidabwiranji kuona mbuzi zirinkucepa msinkhu? Wonena kuti khola ndi lace anena zoona usiku wokha. Kukaca tonde wace ali pakati pa cuma ca anzace.

Cotero tipempha Mafumu zinthu zitatu. Mudzi uli wonse usankhe pabwalo atonde oyenera mbeu, a mtundu wa kuno kapena wacilendo. Otsalawo afulidwe akali ang'ono. Mfule inenepa, ndipo mwini sataya kanthu. Tonde wosankhidwa asinthanitsidwe ndi wa mudzi wina asanayambe kukwera ana ace. Amene ali ndi mau otsutsa adze nao pa msonkhano ulinkudza, awanene pamaso pa Mafumu.

Ine wanu,
Mlembi wa Msonkhano