Njinga ya Magetsi ya Agogo ndi Mabatire Ake

Ena mwa ana athu okhala ku Joni amatumizira makolo awo okalamba, kapena mbale wolumala miyendo, kanjinga ka magetsi kokhala ndi mpando, koyenda liwiro la munthu wofulumira pansi. Mphatso yotere ndi yamtengo wapatali, pakuti munthu amene anali wobindikira pakhonde angathe kupitanso yekha kumsika ndi kutchalitchi. Koma moyo wonse wa njingayi uli m'mabatire ake, ndipo za iwo tifuna kucheza nanu mwezi uno.

Kunsi kwa mpando kumakhala mabatire awiri a 12 volts, olumikizidwa pamodzi kuti apereke 24 volts. Ambiri ndi a mtovu, omata, osathiramo madzi. Batire yotere imadana ndi kutheratu moto, ndipo ikagona masiku ili yopanda kanthu, zitsulo zake za m'kati zimachita makoko ndipo siibwereranso mwakale. Chotero tsiku lililonse limene njinga yayenda, madzulo ake muitchaje ndi tchaja yake yomwe, maora 8 kapena kupitirira. Ngakhale agogo adwale mwezi wathunthu osakwerapo, muziitchajabe.

Ku Mzuzu kuno mabatire amalema msanga. Mzinda wathu ndi wa zitunda, ndipo msewu wa ku Masasa kapena wa ku Mchengautuwa umadya moto wambiri koposa msewu wa pachigwa. Kuzizira kwa June ndi July nako kumachepetsa mphamvu yake, ndipo mvula ikalowa m'mawaya a pachiwongolero njinga imangoima. Tsono ulendo muziuyesa ndi kubwerera komwe, pakuti wopita motsetsereka adzabwerera chokwera. Pali kachitsulo kumbuyo komasula mawilo kuti njinga ikankhidwe ndi manja. Musakakhudze konse pamtsetse munthu ali pampando, pakuti kamamasulanso mabuleki.

Koma choopsa chachikulu chimachokera m'nyumba momwemo. Magetsi athu ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mukumbukira mdima wa 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira. Magetsi akazima chotero, maso onse amapenya pansi pa mpando wa agogo. Mnyamata azula batire imodzi kuti ayatsire nyali, atchajire foni, amverere mpira pa wailesi, nati, "Ndibwezeretsa mawa." Nabwezeretsadi. Koma tsopano batire ina ndi yodzaza, inzake yopanda kanthu, ndipo tchaja sizisiyanitsa: ina imapsa, ina imakhala yosakhuta, mpaka zonse ziwiri zitafa nthawi yake isanakwane. Pogula zatsopano muyenera kugula ziwiri pamodzi, ndipo batire ya galimoto siilowa m'malo mwake, popeza inapangidwira kuliza injini kamphindi chabe. Kodi ndalama zotere zichokera kuti m'nyumba ya mlimi? Ife tiyesa kuti amene abwereka batire ija wabwereka miyendo ya agogo ake, ndipo mutu wa banja ayenera kuletsa zimenezi poyera, ana onse akumva.

Batire ikatha ntchito, musaiphwanye, musaitaye kudzala kapena pafupi ndi chitsime, pakuti mtovu ndi ululu wowononga nzeru za ana aang'ono. Isungeni yosang'ambika, patali ndi ana, kufikira mutaipereka kwa ogulitsa mabatire.