Sukulu yatsekera mwana wanga njira ya unamwino

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za zomwe sekondale ina yoyendera kwathu kuno yachitira mwana wanga.

Mtsikanayu wakhoza MSCE ndi mapointi 17. Za unamwino anaziyamba ali ku pulayimale, moti anzake ankangomuitana kuti anesi. Bungwe la NCHE litalengeza kuti ofuna malo m'mayunivesite a boma atumize mafomu, tinapita pamalo ena a intaneti pa boma. Mnyamata wa pakompyutayo anayang'ana pepala la zotsatira nati, "Mayi, Chemistry ili pati apa? Popanda imeneyi za unamwino ku KUHeS muiwale." Mwana anangoti kakasi, misozi chuchuchu pamaso pa anthu.

Chemistryyo sanaithawe yekha ayi. Atalowa Fomu 3, ana anangogawidwa m'makalasi, awa sayansi, awa History ndi Bible Knowledge, ati chifukwa mphunzitsi wa sayansi ndi mmodzi. Palibe anamufunsa kuti akufuna kudzagwira ntchito yanji. Ife makolo pamisonkhano tinkangouzidwa kuti chofunika ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, basi.

Nditapita kukafunsa, anati aphunzitsi aakulu ali ku msonkhano. Achiwiri awo, osandipatsa n'komwe mpando, anandiyankha kuti, "Akanafunsa yekha, si khanda ameneyo." Afunse chiyani mwana wazaka 15 amene sanapondeko pa yunivesite? Nanga inuyo aphunzitsi munaphunzirira chiyani uphunzitsi? Ine ndimagulitsa tomato pamsika, kodi ndi ine woti ndidziwe zomwe MUBAS, LUANAR kapena MUST amafuna?

Ndalama zokha ndiye simuiwala. Teremu iliyonse tinkapereka ya chitukuko, ana kubwezedwa pageti tikachedwa. Njerwa za labotale tinaumba ndi manja athu, lero zili mbwee kuseri kwa zimbudzi, zamera udzu. Tinasonkhanso ya mlendo wodzalangiza ana za ntchito. Anabwera mayeso a Fomu 4 atatsala pang'ono, n'kuwauza kuti alimbikire, n'kumwa Fanta, n'kukwera galimoto. Za maphunziro a luso la manja a TEVETA sanatchuleko n'komwe, pamene ena mwa anawa ndi akatswiri kale pokonza njinga ndi mawayilesi.

Pano akuti mwanayo akabwereze ku sukulu ya open kuti alembe Chemistry. Fizi, ndalama ya mayeso, chaka china chathunthu. Ndizitenga kuti ine, abale? Bambo ake anatisiya.

Chonde a kuofesi ya maphunziro, bwerani mudzaone nokha. Lamulani kuti ana asanalowe Fomu 3 aziuzidwa, makolo tili pomwepo, phunziro lomwe ntchito iliyonse imafuna, ndipo pepala lake limatidwe pakhoma la sukulu. Komiti ya sukulu itiuzenso komwe kunapita ndalama ya chitukuko. Mng'ono wake wa mtsikanayu ali Fomu 2 pasukulu yomweyo, ndiye yankho ndikulifuna teremu ino isanathe.

Kholo lokhumudwa,
Mulanje