Khanda la Down syndrome liunikidwe mtima lisanakwanitse milungu 6

Pafupifupi theka la ana obadwa ndi Down syndrome amabadwanso ndi vuto la mtima, ndipo madokotala akhala akudziwa zimenezi kwa zaka zambiri. Choncho mayi akatuluka m'chipatala ndi khanda lotere atangouzidwa kuti mwana wake adzachedwa kukula, popanda woliunika mtima, dongosolo lathu la zaumoyo lamulakwira. Kulakwa kumeneku kumatha kupha mwana yemwe akanakula.

Vuto lopezeka kwambiri mwa ana amenewa limatchedwa AVSD. Mtima uli ndi zipinda zinayi zolekanitsidwa ndi makoma, koma mwa mwana wotere pakati penipeni pamakhala bowo, ndipo pamene pamayenera kukhala mavavu awiri pamakhala imodzi yokha. Magazi ochuluka amathamangira kumapapo mwamphamvu. Pakapita nthawi mitsempha ya m'mapapo imauma, ndipo mwa ana a Down syndrome imauma msanga kuposa mwa ana ena. Ikauma, ngakhale dokotala waluso chotani sangachitenso opaleshoni. N'chifukwa chake bowo lalikulu lotere limatsekedwa mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6.

Ena amati namwino akamvetsera pachifuwa n'kupeza kuti mtima ukugunda bwino, basi zatha. Ayi, sizinathe. M'masiku oyamba mapapo a khanda amakhala asanamasuke kwenikweni, motero magazi sadutsa pabowo mwaphokoso ndipo khutu silimva kanthu. Kachipangizo koyeza mpweya m'magazi kodzera padzanja ndi paphazi n'kothandiza, koma nakonso kamaphonya ana ena. Chimene chimaonetsa mtima mmene ulili ndi makina ounikira, pa kuyeza kotchedwa echo. Sikupweteka, ndipo mwana sabayidwa paliponse. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti khanda lililonse la Down syndrome liyezedwe motero, ngakhale likuoneka lathanzi.

Mwana wosayezedwa amadziwika mochedwa. Amapuma mwabefu, amatuluka thukuta poyamwa, amasiya bere asanakhute, sikelo yake siikwera. Amagonekedwa ndi chibayo, kuchira, kugonekedwanso. Mayi amanenedwa kuti sadyetsa mwana, kumudzi ena n'kumanong'ona kuti makolo anamukhwimira kuti alemere. Bodza limeneli ndi lankhanza. Down syndrome imabwera mwana akakhala ndi ma chromosome atatu pa nambala 21 m'malo mwa awiri, monga anatulukira akatswiri a ku France mu 1959. Palibe mfiti, palibe tchimo la mayi kapena la bambo.

Funso lolemera ndi ili: tiyezerenji pamene opaleshoni yotere ana athu amakaipeza kunja, makamaka ku India, ndipo mzere wake ndi wautali? Tiyeze chifukwa mwana wosadziwika vuto lake salowa n'komwe pamzerewo. Tiyeze chifukwa podikira alipo mankhwala ochepetsa madzi m'mapapo, ndiponso njira zomudyetsera kuti anenepe. Tiyeze chifukwa mabowo ena ang'onoang'ono amatsekeka okha, ndipo kholo louzidwa zoona limagona tulo.

Pali maganizo ena amene anthu sawanena poyera, akuti ndalama zisawonongeke pa mwana wotere. Ndimawakana ndi mtima wanga wonse. Ku America mu 1983 munthu wa Down syndrome ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 25. Lero amafika zaka pafupifupi 60, ndipo opaleshoni ya mtima ndi chimodzi mwa zimene zinasintha zinthu. Ana amenewa amaphunzira, amagwira ntchito, amakonda abale awo. Moyo wawo si wotsika mtengo.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Unduna wa Zaumoyo ulamule kuti mzamba kapena namwino akaona zizindikiro za Down syndrome alembe m'kabuku ka mwana tsiku lokaunikidwa mtima, lisanafike la katemera wa pa milungu 6. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zikhale ndi tsiku lokhazikika lolandira ana amenewa, ndipo zipatala za m'maboma zipatsidwe makina ndi anthu ophunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito. Inunso makolo, musachoke pamaso pa dokotala musanafunse kuti mtima wa mwana wanu uunikidwa liti.